Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: mpunga wogona sukonzeka ndi moto

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, koma kudera kwathu anthu amandidziwa ndi chipande kuposa choko. Kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikutsogolera amayi ophika pa maukwati, pa zinkhoswe, pa maliro ndi pa misonkhano ya mpingo. Ndimadziwa kuchuluka kwa nkhuni zopsetsa thumba la mpunga la makilogalamu 50, ndimadziwanso kuti madzi othira Kilombero wa ku Karonga si ofanana ndi a Faya wa ku Nkhotakota. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinkachidziwa, ngakhale ndinatha zaka zambiri ndikuphunzitsa ana za tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo ndicho chandilembetsa kalatayi. Ndaiika poyera chifukwa nkhani yake ndi ya aliyense amene ali ndi poto.

Unali mwezi wa Okutobala, masiku aja dzuwa limaswa mtengo kuyambira m'mawa. Tinali ndi chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga, ndipo alendo oyembekezeka anachuluka kuposa masefuliya amene tinabwereka. Ndine amene ndinalamula kuti mpunga tiphikiretu usiku, kuti kukacha mafuwa apeze malo a nkhuku, nyemba ndi kabichi. Pamene tambala woyamba ankalira, mpunga wonse unali utapsa. Tinaupakulira m'mabeseni akuluakulu, wina m'mafudiwoma, n'kuvundikira ndi mapepala a pulasitiki ndi zitenje zochapa bwino. Tinauika m'chipinda chosesedwa, mopanda ntchentche ndi imodzi yomwe. Wophika aliyense anasamba m'manja ndi sopo, chifukwa pa zimenezi sindinyengerera munthu. Mwambo unachedwa kuyamba, perekaniperekani anatalika, ndipo anthu anadya cha m'ma 3 koloko masana. Poona kuti mpunga watsala pang'ono kuzizira, tinaubwezera pamoto, wina tinaukazinga ndi anyezi ndi mafuta mpaka kutuluka nthunzi. Unkanunkhira bwino kwambiri. Ndinaulawa ndekha ndipo sindinamve chilichonse chachilendo.

Dzuwa lisanalowe, ana anayamba kusanza. Kenako akuluakulu, mmodzimmodzi, ena atafika kale kunyumba zawo, ena akadali pa siteji kudikira minibasi. Panalibe munthu amene anatchula mpunga. Mawu amene anayenda pabwalopo ndi akuti, “Atithira tameki.” Chala chinaloza mayi wina wa kuchimuna amene anamuona akulowa m'chipinda chija masana, ndipo zinkadziwika kuti ukwatiwo sankaufuna kwenikweni. Anamuzungulira, anamukhuthulira pansi za m'chikwama chake, anamutchula mayina amene sindingawalembe pano. Iye ankangobwereza kunena kuti anakatenga mchere.

Usiku womwewo ndinaperekeza adzukulu anga awiri ku chipatala chaching'ono chakufupi. Dokotala wachinyamata amene tinamupeza anafunsa mafunso atatu okha: tinadya nthawi yanji, kusanza kunayamba nthawi yanji, ndipo mpunga unaphikidwa liti. Nditayankha lachitatulo anapukusa mutu n'kunena kuti, “Amayi, musavutike kufunafuna munthu. Poizoni ameneyu wapangidwira m'beseni momwemo.” Anatipatsa Thanzi ORS, natiuza zizindikiro zoti tikaziona tibwerere msanga. Kutacha pafupifupi onse anali atapeza bwino. Koma mabanja awiri aja anatha chaka osalowerana m'nyumba, ndipo mayi uja mpaka lero sayandikira kukhitchini pa zochitika. Ndinapita kukamupepesa ndekha. Anandilandira bwino, koma manyazi amene anamuchititsa pagulu sindikanatha kuwafufuta.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuwerenga zimene ndinayenera kuzidziwa kale, ndipo ndikupemphani mundilole ndizifotokoze ngakhale akatswiri a mu Unduna wanu akuzidziwa kuposa ine. Ndikufuna anzanga a pamafuwa amene awerenge kalatayi amve nawo.

Kachilombo kake dzina lake ndi Bacillus cereus. Kamakhala m'dothi, paliponse, m'minda ya ku Hara ndi ku Wovwe, ku Limphasa, ku Bwanje, ku Likangala, ku Muona, ngakhalenso m'minda ya ku India ndi ku Thailand. Palibe mlimi amene angakachotse, palibenso chigayo chimene chingakasefe. Mpunga umabwera nako kuchokera kumunda, ndipo kupeta ndi lichero kapena kutsuka katatu kumangochepetsa, sikumaliza. Kachilomboka kali ndi luso limene tizilombo ta kolera ndi ta tayifodi tilibe. Zinthu zikavuta kamadzisandutsa kambewu ka chigoba cholimba, n'kugona miyezi kapena zaka popanda madzi. Madzi owira pa madigiri 100 amapha tizilombo tina tambiri ta mu mpunga, koma timbewu timeneti timapulumuka. Aliyense amene anaonapo tchire litapsa akudziwa chimene chimachitika mvula yoyamba ikagwa: moto unalambula malo, ndipo nthangala zimene zinabisala pansi zimamera popanda wolimbana nazo. Ndi mmene zimakhalira mu poto. Kuphika kumadzutsa timbewu tija, kumatipatsa chinyezi ndi chakudya chofewa, komanso kumatichotsera adani.

Chimatsala ndi nthawi ndi kafundidwe. Chakudya chikatentha kupitirira madigiri 60, tizilomboti sitiswana. Chikazizira kufika pansi pa madigiri 5, monga mu firiji yogwira bwino ntchito, kuswana kumaima kapena kumayenda pang'onopang'ono zedi. Pakati pa malire awiriwa ndi pamene pali ngozi, makamaka kuyambira madigiri 25 mpaka cha m'ma 37, kumene ndi kutentha kwa masana wamba m'madera ambiri a dziko lino m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Pamenepo kachilombo kamodzi kangathe kugawikana pawiri pa mphindi 30 zilizonse. Ana anga a Fomu 3 akanawerengera mosavuta: pa maola 6 kamodzi kaja kasanduka 4,096, ndipo pa maola 10 tapitirira 1 miliyoni. Munthu amadwala kawirikawiri pamene galamu imodzi ya chakudya ili ndi tizilombo 100,000 kapena kuposerapo. Mpunga wathu uja unakhala m'mabeseni pafupifupi maola 11. Ndipo beseni lalikulu lovundikira ndi loipa kwambiri, chifukwa pamwamba pamazizira koma pakati pamakhala pofunda tsiku lonse. Fudiwoma nayenso, amene timamudalira kwambiri masiku ano, amasunga chakudya chotentha kwa kanthawi kochepa chabe. Pambuyo pake amangochisunga chofunda, ndipo kufunda kumeneko ndi kumene kachilomboka kamafuna.

Mfundo yaikulu ya kalata yanga ili apa, a Nduna. Pamene tizilomboti tikuswana mu mpunga, mitundu ina ya ito imatulutsa poizoni wotchedwa cereulide. Poizoni ameneyu safa ndi moto. Akatswiri anamuyesa pa madigiri 121 kwa mphindi 90 ndipo anakhalabe ndi mphamvu. Mbaula yathu, chiwaya chathu, ngakhale mayikulowevu ya m'nyumba za m'tauni, sizifikitsa mpunga pamenepo. Asidi wa m'mimba nayenso samusungunula. Kotero tikabwezera pamoto mpunga wogona, timapha tizilombo koma poizoni wake amatsala momwemo. Alibe fungo, alibe kakomedwe, sasintha mtundu wa mpunga. Makolo athu anati tsoka silinunkha, ndipo pa nkhani iyi mwambiwo ndi woona mmene ulili. Mayi amene wanunkhiza poto m'mawa n'kunena kuti “sunasase” wachita zonse zimene anaphunzitsidwa, koma mphuno singamuthandize.

Kadwalidwe kake kali pawiri. Ngati poizoni anapangidwa kale m'chakudya, nseru ndi kusanza zimayamba msanga, pakati pa mphindi 30 ndi maola 6 chidyereni. Kufulumira kumeneku ndi kumene kumachititsa anthu kuganiza za tameki kapena za kulodzedwa, chifukwa amaona kuti matenda enieni sangabwere mofulumira choncho. Mtundu wina ndi wotsegula m'mimba ndi kupotokola, umene umayamba patapita maola 6 mpaka 15, tizilombo tamoyo titalowa m'matumbo n'kukapangira poizoni wina momwemo. Anthu ambiri amachira pa tsiku limodzi, n'chifukwa chake matendawa sawerengedwa m'mabuku a zipatala. Munthu amangoti “china chake sichinandiyanje,” basi zatha.

Koma si onse amene amachira. M'chaka cha 2003 ku Belgium, ana asanu a banja limodzi anadwala atadya saladi ya pasta imene inaphikidwa masiku angapo m'mbuyo, ndipo wamng'ono pa onse, mtsikana wa zaka 7, anamwalira patangopita maola 13. Pofufuza anapeza kuti firiji ya m'nyumbamo inali pa madigiri 14. M'chaka cha 2008 mumzinda wa Brussels, mnyamata wa zaka 20 anatenthetsa spaghetti imene inakhala masiku 5 kunja kwa firiji, anadya, anasanza, anakagona, ndipo m'mawa makolo ake anamupeza atafa. M'chaka cha 1997 madokotala a ku Switzerland analemba za mnyamata wa zaka 17 amene chiwindi chake chinaleka kugwira ntchito atadya chakudya cha mtundu womwewo. Poizoniyu akachuluka amaononga tizigawo ta m'maselo timene timapanga mphamvu, ndipo chiwindi ndicho chimayamba kugonja. Imfa zimenezi n'zosowa, ndipo sindikufuna kuopseza anthu kuti asiye kudya mpunga. Tikuzidziwa chifukwa zinachitikira m'mayiko mmene madokotala anatenga chakudya chotsala n'kukachiyeza. Ife mpunga wathu wotsala tinaukwirira kudzala m'mawa mwake, ndipo palibe anabwera kudzaufunsa.

Nkhaniyi si yatsopano kwa asayansi. Kachilomboka anakalongosola koyamba ndi Percy Frankland ndi mkazi wake Grace m'chaka cha 1887, atakapeza mu mpweya wa m'khola la ng'ombe ku Britain. Cha m'ma 1950, Steinar Hauge wa ku Norway anafufuza kudwala kwa anthu mazanamazana amene anadya msuzi wotsekemera wa vanila, wopangidwa ndi ufa wosalala wa chimanga ndipo wophikidwa dzulo lake. Pofuna umboni wosakayikitsa, bamboyu anabzala kachilomboka mu msuzi, anamwa yekha, ndipo anadwaladi. Mtundu wosanzitsa unadziwika ku Britain m'chaka cha 1971, anthu atadwala ndi mpunga wokazinga wa m'malesitilanti a Chitchaina, mmene ophika ankawiritsa mpunga wambiri, kuusiya panja usiku wonse, n'kumaukazinga pang'onopang'ono wogula akabwera. Mu 1993 ku Virginia, m'dziko la America, ana 12 ndi ogwira ntchito 2 a m'sukulu zamkaka anadwala ndi mpunga wa nkhuku umene unaphikidwa usiku, kusiyidwa kuti uzizire wokha, kukazingidwa m'mawa, n'kudikira mpaka masana. Nditawerenga za ku Virginia ndinaima kaye, chifukwa zinali ngati akufotokoza chinkhoswe chathu chija.

Ndatchula ufa wa chimanga dala. Mpunga ndiwo wotchuka pa nkhaniyi, koma kachilomboka kamakonda chakudya chilichonse chokhutitsa chophikaphika: spaghetti, mbatata yophika, phala, ndipo mkute wa nsima suli kunja kwa gululi. Ndikudziwa kuti ena anena kuti takula tikudya mkute ndipo tili moyo. N'zoona. Si mtundu uliwonse wa kachilomboka umene umapanga poizoni wosanzitsa, ndipo usiku wa mwezi wa Juni ku Dedza ndi wosiyana ndi usiku wa Novembala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene masana kutentha kumapitirira madigiri 40. Koma tifunsenso kuti ndi kangati mwana anadzuka bwinobwino, n'kudya mkute, n'kubwezedwa kusukulu akusanza, ife n'kumati ndi malungo kapena njoka za m'mimba.

Tsopano ndifike pa Unduna wanu. Pa nthawi ya kolera amene anayamba mu Marichi 2022 n'kutenga miyoyo yoposa 1,700, Unduna unagwira ntchito yaikulu. Kampeni ya Tithetse Kolera inafika m'midzi, m'misika, m'mipingo ndi m'mizikiti. Alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi klorini. Anthu anamva ndipo anasunga: sambani m'manja, thirani mankhwala m'madzi, vundikirani chakudya, idyani chakudya chotentha, chotsala chitenthetseni musanadye. Uthenga umenewo ndi woona ndipo unapulumutsa anthu, chifukwa kachilombo ka kolera kamafadi ndi moto. Vuto n'lakuti anthu anautenga ngati lamulo la chakudya chonse. Lero mukafunsa mayi aliyense pamsika kuti chakudya chogona achite nacho chiyani, ayankha mosakayika kuti achitenthetse. Ife pa chinkhoswe chija tinatsata mfundo zonsezo, imodzi ndi imodzi, ndipo anthu anadwalabe. Kuvundikira kumene tinaphunzitsidwa pothawa ntchentche ndiko kunasunga kufunda m'mabeseni. Chimene sitinauzidwe ndi nthawi.

Chodabwitsa n'chakuti mfundo ya nthawiyo ilimo kale m'malangizo amene dziko lino limagwiritsa ntchito. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi mfundo zisanu za kasamalidwe ka chakudya, ndipo imodzi mwa izo imanena kuti chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola 2, chotentha chisungidwe pamwamba pa madigiri 60, chozizira pansi pa madigiri 5. Mfundo za kusamba m'manja ndi madzi aukhondo zinafika kumudzi. Iyi inatsalira m'mabuku. Ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chake. Mfundoyi imathera ku firiji, ndipo mlangizi amene waima pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa amayi opanda magetsi sangayambe kukamba za firiji popanda kusekedwa. Ndiye amaidumpha. Ngakhale m'tauni, kumene ena ali ndi mafiriji, magetsi akathima maola 8 firijiyo imasanduka kabati wamba, ndipo mwini wake amakhulupirirabe kuti chakudya chili pabwino chifukwa chili mkati.

Pempho langa loyamba, ndiponso lalikulu, n'lakuti Unduna ukonze uthenga wa anthu opanda firiji, m'zinenero zathu, m'mawu a pamafuwa. Sizovuta. Mpunga uphikidwe wokwana kudya nthawi yomweyo. Ngati odya achedwa, poto akhale pamakala, akutulutsa nthunzi, wotentha moti chala sichingalowemo. Pa zochitika, mpunga uziphikidwa pomaliza, ndiwo zitapsa kale, ndipo ngati anthu ndi ambiri uziphikidwa m'magawo, wina ukudyedwa wina uli pamoto. Kuyambira tsiku lija ine ndimachita choncho, ndipo nkhuni zimene zimaonjezekera n'zochepa kuposa mmene ndinkaopera. Amene ali ndi firiji auyale mpunga wotsala m'mbale zosazama kuti uzizire msanga, aulowetse pasanathe ola limodzi, audye tsiku lotsatira lisanathe, ndipo asautenthetse kawiri. Awa ndi malangizo amene a boma ku Britain amapereka kwa anthu awo. Ku Australia ali ndi lamulo losavuta kuloweza limene lingatithandize kwambiri kuno: chakudya chikakhala panja osakwana maola 2 chingathe kusungidwa mu firiji, pakati pa maola 2 ndi 4 chidyedwe pompo, chikapitirira maola 4 chitayidwe. Munthu wopanda chipangizo choyezera kutentha ali ndi dzuwa, ali ndi wailesi, ali ndi foni. Angathe kuwerenga maola.

Ndikudziwa kulemera kwa mawu akuti “chitayidwe” m'dziko muno. Mpunga kwa ambiri a ife ndi chakudya cha Khirisimasi, cha Eid, cha mlendo wolemekezeka. Mayi amene wasunga ndalama mwezi wathunthu kuti ana alawe mpunga wa nkhuku sangautaye chifukwa wailesi yanena. Adzausungira ana m'mawa, ndi chikondi chonse, ndipo adzakokota ndi nkhoko zomwe. Pa zochitika, wotsala timagawana m'majumbo, ndipo jumbo lomanga pakamwa limayenda pa kabaza dzuwa likuwomba, n'kukagona kunyumba. N'chifukwa chake uthenga uyenera kugwira munthu asanathire mpunga mu poto, pamene akuyeza makapu. Ukamupeza m'mawa poto ali kale m'manja, njala idzapambana. Ndipo ngati wotsala alipo ndithu, kuli bwino kugawira anansi usiku womwewo, monga makolo athu ankachitira ndi mbale yodutsa mpanda, kusiyana ndi kuugoneka.

Chachiwiri chikukhudza ogulitsa zakudya. Matenda akabuka, makhonsolo a mizinda amafulumira kuletsa malonda a zakudya zophikaphika. Amayi a m'ziyimirire amathamangitsidwa, mapoto amalandidwa, ndipo pakapita milungu ingapo onse amabwerera pamalo pomwepo, ataphunzira kuthawa koma osaphunzira china chilichonse. Anthu amenewa akudyetsa ogwira ntchito ku Limbe, ku Kanengo, m'madepoti a basi ndi m'misika ya m'maboma onse, ndipo sadzatha. Oyendera zaumoyo akafika amayang'ana chiphaso cha kuchipatala, epuloni, chipewa, ndowa yosambira m'manja ndi pothira zinyalala. Zonsezo n'zofunika, koma Bacillus cereus sachokera m'manja mwa wophika. Mayi waukhondo kwambiri, wa ziphaso zonse, angathe kudwalitsa anthu ngati mpunga wa 10 koloko m'mawa akuugulitsabe 6 koloko madzulo, kapena ngati wotsala wa dzulo wausakaniza ndi wa lero kuti asaluze. Woyendera aphunzitsidwe kufunsa funso lija la dokotala wachinyamata: mpunga uwu waphikidwa nthawi yanji? Ndipo apatsidwe kachipangizo kobaya m'chakudya poyeza kutentha. N'kotsika mtengo poyerekeza ndi galimoto zimene amayendera. Wogulitsa akaona ndi maso ake nambala 35 ikutuluka pakati pa fudiwoma wake, adzamva msanga kuposa kumuopseza ndi chindapusa.

Musanapite kumisika, a Nduna, yambirani m'nyumba mwanu momwe. M'zipatala za boma, odikirira odwala amaphika kunja m'mawa, n'kusunga chakudya m'makontena pansi pa bedi kapena m'kabati ya pambali mpaka wodwala atapeza chilakolako cha chakudya, nthawi zina madzulo. Phala la mpunga ndilo timakonda kupatsa munthu wofooka ndi mwana amene wakana nsima. Amene akudya chakudya chimenechi ndi omwe thupi lawo silingapirire kusanza kwa maola angapo: ana onyentchera, amayi oyembekezera, okalamba, odwala TB ndi ena a chitetezo chofooka. Anamwino amakamba kale ndi odikirira m'mawa uliwonse. Kuonjezerapo mawu awiri a maola sikufuna bajeti. N'chimodzimodzi ndi makhitchini a sukulu zogonera ndi a ndende, kumene mapoto ndi aakulu kuposa athu a pa zinkhoswe. Komanso ganizirani ana a sukulu amene amanyamula mpunga wa dzulo m'kontena 6 koloko m'mawa, n'kuutsegula masana utakhala m'chikwama pawindo la kalasi. Pamenepa pakufunika kuti mulankhulane ndi anzanu a ku Unduna wa Zamaphunziro. Ine ndinaphunzitsa mutu wa tizilombo chaka ndi chaka osatchulapo timbewu topirira moto mogwirizana ndi chakudya chimene ana anali nacho m'zikwama zawo, ndipo zimandipweteka.

Palinso za kuchipatala zimene anthu ayenera kumva. Munthu akasanza, ambiri amathamangira kugolosale kukagula Bactrim kapena Flagyl. Mankhwala amenewa sachita kanthu pa poizoni amene wapangidwa kale. Kuwamwa chisawawa kukungolimbitsa tizilombo tina, vuto limene Unduna wanu ukulimbana nalo kale. Chofunika ndi madzi ndi ORS, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Koma mwana amene akulephera kumwa, amene akusanza mosalekeza, amene wafooka kapena akugona mosadzutsika, munthu amene maso achita chikasu kapena wayamba kusokonezeka mutu, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo m'dziko la kolera palibe amene ayenera kudziuza yekha kuti “ndi mpunga chabe” pamene akutsegula m'mimba mwa madzi. Kusiyanitsa ndi ntchito ya achipatala. Ogwira ntchito pa Chipatala Cha Pa Foni atakhala ndi mafunso atatu aja pamaso pawo, akanathandiza mabanja ambiri usiku umene kulibe galimoto.

Ndikupemphanso kuti anthu ambiri akadwala pamodzi atadya pa phwando, pakhale wina wotenga chakudya chotsala n'kukachiyezetsa, ndipo zotsatira zibwerere kwa anthu a m'mudzimo kudzera kwa amfumu. WHO inalengeza mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu 600 miliyoni padziko lonse amadwala chifukwa cha chakudya, 420,000 amafa, ndipo mwa akufawo 125,000 ndi ana osakwana zaka 5. Chigawo cha Africa ndicho chimasenza katundu wolemera kwambiri: odwala oposa 91 miliyoni ndi imfa 137,000. Manambala amenewa amatchulidwa pa 7 Juni chaka chilichonse, pokumbukira tsiku la chakudya chosaopsa, m'mahotela a ku Lilongwe. Koma kumudzi chimene chikufunika ndi yankho la funso limodzi: chatidwalitsa n'chiyani? Boma likapanda kuyankha, anthu amayankha okha, ndipo yankho lawo limakhala dzina la munthu. Kawirikawiri ndi mayi, kawirikawiri ndi wokalamba kapena wobwera. Tamva kangapo pa wailesi za agogo omenyedwa ndi nyumba zotenthedwa chifukwa chowaganizira ufiti. Mayi wa mchere uja anapulumuka chifukwa amfumu anali pomwepo.

Ndikudziwa kuti lamulo lalikulu la zaumoyo limene tikuyendera linakhazikitsidwa mu 1948, ndipo udindo woyang'anira chakudya ndi wogawikana pakati pa Unduna wanu, wa Zaulimi, wa Zamalonda, bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi makhonsolo. Kukonza zimenezo kudzatenga nthawi, ndipo ndikulimbikitsani kuti mupitirize. Koma zimene ndapempha pano sizikudikira Nyumba ya Malamulo. Alangizi a zaumoyo alipo kale m'mudzi uliwonse, sikelo ya ana ikuchitika mwezi ndi mwezi, mawailesi a m'madera amaulutsa mauthenga anu tsiku lililonse. Magulu a amayi a m'mipingo ndi m'mizikiti, amene ndiwo amaphika mpunga wochuluka kwambiri m'dziko muno, amakumana sabata iliyonse ndipo amamvera akauzidwa chifukwa chake. Ine ndawauza anzanga a kumpingo kwathu, koma ena amaseka n'kunena kuti aphunzitsi akadali ndi mantha a chinkhoswe chija. Akamva kuchokera kwa mlangizi wovala yunifolomu, kapena pa wailesi ndi dzina la Unduna, adzakhulupirira.

Nyengo yotentha ikafika, maukwati amachuluka, ndipo Khirisimasi imatsatira. Ndikupempha kuti uthengawu ukhale utayamba kumveka nyengoyo isanafike. Mukafuna amayi oti muyesere nawo mawu ake kuti muone ngati akumveka pamafuwa, tumizani mlangizi wa m'dera lathu. Ndidzawasonkhanitsa Lachinayi masana, ndipo mabeseni aja tidakali nawo, tidzamuonetsa.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pantchito, mtsogoleri wa amayi ophika pa zochitika